Chombo chikamadziyendetsa chokha, womveredwa ndani?

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi kusekondale. Ophunzira anga anamva kuti zombo zimene zidzatenge anthu kupita ku Mars zizidzayendetsedwa ndi makompyuta. Anandifunsa zinthu ziwiri. Ngati kompyuta ndiyo ikuyendetsa, anthu okweramo azidzagwira ntchito yanji? Nanga tsiku limene kompyuta ikunena china, munthu naye akunena china, womveredwa ndani?

Yankho: Zikomo aphunzitsi, ndipo muwathokozenso anawo. Funso lawo lachiwirilo mainjiniya akhala akulimbana nalo kuyambira ulendo woyamba wa munthu m'mlengalenga. Pa 12 Epulo 1961, Yuri Gagarin akuzungulira dziko m'chombo cha Vostok 1, zowongolera zake zinali zokhoma. Madokotala ankaopa kuti munthu akasiya kumva kulemera kwa thupi akhoza kusokonezeka mutu n'kuyamba kudina zinthu mwachisawawa, choncho nambala yotsegulira anaiika mu envelopu, kuti aione pokhapokha zinthu zitavuta. Ku America, oyendetsa zombo za Mercury, amene anali akatswiri oyesa ndege zankhondo, anakana kungonyamulidwa. Anaumirira kuti apatsidwe windo ndi chogwirira chowongolera. Maganizo awiri amenewa akukokanabe mpaka lero.

Ndiyambe ndi kuwongola chithunzi chimene ambiri ali nacho. Tikamva kuti chombo chizidziyendetsa chokha, timaganiza kuti kompyuta ikulanda ntchito ya woyendetsa. Mbali imeneyo makompyuta anaitenga kalekale. Roketi ikamanyamuka palibe dzanja limene limaiwongolera, ndipo chombo cha Crew Dragon, kuyambira pamene chinatenga Doug Hurley ndi Bob Behnken mu Meyi 2020, chimakalumikizana chokha ndi siteshoni ya m'mlengalenga, anthu akungoyang'anira pa sikirini. Chimene kompyuta ya ulendo wa ku Mars iyenera kulowa m'malo mwake ndi chipinda chodzaza anthu cha ku Houston ku America, chimene chimayang'anira maulendo a m'mlengalenga kuchokera pansi. Amene ali pa International Space Station, makilomita pafupifupi 400 pamwamba pathu, sayang'anira okha magetsi, mpweya, kutentha ndi njira ya siteshoniyo. Amachita zimenezo usana ndi usiku ndi magulu a akatswiri ku Houston, ku Korolyov pafupi ndi Moscow ndi malo ena, aliyense maso ali pa kachigawo kake. Chinthu chikalakwika, kawirikawiri woyamba kuchiona ndi wapansi, ndipo zambiri amazikonza potumiza malamulo pa wailesi, a m'mwambamo ali m'tulo.

Kuti muone kulemera kwa chipinda chimenechi, taonani za pa 14 Novembala 1969. Roketi ya Apollo 12, yopita ku Mwezi, itangonyamuka, mphezi inaiomba kawiri isanathe mphindi imodzi. Magetsi ochenjeza anayaka paliponse m'chombomo, ndipo manambala ofika pansi anali osamveka. Injiniya wachinyamata ku Houston, John Aaron, anakumbukira kuti anaonapo manambala osokonekera chimodzimodzi pa mayeso ena chaka chapitacho, nati switchi yotchedwa SCE aiike pa Aux, kutanthauza magetsi apadera. Mkulu wa ulendowo, Pete Conrad, sankaidziwa switchiyo. Amene anakumbukira pamene inali ndi Alan Bean. Manambala anabwerera, ulendo unapitirira. Pa Apollo 14, mu Febuluwale 1971, kachidutswa ka chitsulo chomatira mawaya kanayamba kuyendayenda m'batani lolamula kuti kutera kulekeke, n'kumapereka chizindikiro chabodza choti munthu walidina. Don Eyles wa ku yunivesite ya MIT ku America, mmodzi mwa olemba pulogalamu yoterera, anapeza njira yopusitsira kompyutayo kuti isalabadire batanilo. Malangizo ake anawerengedwa pa wailesi, Edgar Mitchell n'kumawalowetsa ndi zala. Maulendo onse awiri anapulumutsidwa ndi munthu amene sanali m'chombo.

Izi zinatheka chifukwa Mwezi uli pafupi. Uthenga wa wailesi umathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, ndipo mtunda wa ku Mwezi, makilomita 384,400, umautha m'sekondi imodzi ndi kachidutswa. Ku Mars n'kwina. Malinga ndi pamene maiko awiriwa afika pozungulira dzuwa, uthenga umatenga mphindi 3 mpaka 22 kupita kokha. Mukafunsa pa nthawi imene Mars ili kutali kwambiri, yankho lidzakupezani patapita mphindi 44, ndiye kuti wofunsidwayo wayankha pompopompo osaganizira n'komwe. Kuwonjezera apo, pa miyezi 26 iliyonse dzuwa limakhala pakati pa ife ndi Mars, ndipo kwa masabata pafupifupi awiri NASA, bungwe la America loona za m'mlengalenga, imasiya kutumiza malamulo ku makina ake amene ali kumeneko, poopa kuti uthenga ungafike wowonongeka. Palibe ndalama imene ingafupikitse nthawi imeneyi, pakuti uthenga wa wailesi umathamanga ngati kuwala, ndipo chothamanga kuposa kuwala kulibe.

Choncho nzeru za John Aaron ndi Don Eyles ziyenera kukwera nawo m'chombo. Anthu anayi sangasunge m'mutu zimene anthu mazanamazana amadziwa, ndipo nawonso amafuna kugona. Apa ndi pofunika kompyuta yoona kuti pampu yayamba kutentha isanafe, yolondola kuti maalamu makumi awiri amene alira nthawi imodzi achokera pa vuto limodzi, ndi yonena chimene chisiye kugwira ntchito vutolo likapanda kukonzedwa.

Chitsanzo chimene ndimachikonda pa nkhani ya munthu ndi kompyuta ndi mphindi 12 zomaliza za kutera kwa Apollo 11 pa Mwezi pa 20 Julayi 1969, makamaka chifukwa chimafotokozedwa molakwika. Nkhani imene imamveka ndi yakuti kompyuta inalephera, Neil Armstrong n'kuizimitsa, n'kutera ndi manja. Sizinali choncho. Kompyutayo, yopangidwa ku MIT, inali ndi malo 2,048 okha olembamo ndi kufufuta manambala. Potsika, rada ina imene sinkafunika pa nthawiyo inayamba kuitumizira zizindikiro zopanda pake mpaka ntchito zinaichulukira. Inaliza maalamu a 1202 ndi 1201, kasanu konse. Koma oikonza, gulu limene munali Hal Laning ndi Margaret Hamilton, anaipanga kuti ikalemedwa izitaya ntchito zosafunika kwenikweni, iyambirenso, n'kugwira zofunika zokhazokha: kuwongolera injini ndi kudziwa pamene chombo chili. Inachitadi zimenezo, ndipo sinasiye kuyendetsa.

Panavuta ndi pa kalankhulidwe kake. Zonse zimene inauza Armstrong ndi Buzz Aldrin ndi manambala a maalamuwo basi, ndipo iwo sankadziwa ngati akutanthauza kuti pitirizani kapena thawani. Armstrong anapempha Houston kuti iwamasulire. Kumeneko Jack Garman anali ndi pepala lolemba pamanja la maalamu onse. Analikonza chifukwa masiku ochepa chombo chisananyamuke, pa mayeso, alamu yonga yomweyo inachititsa Steve Bales, woyang'anira kompyuta ya chombo ku Houston, kulamula kuti kutera kulekeke popanda chifukwa chenicheni, ndipo mkulu wawo Gene Kranz anati zimenezo zisadzachitikenso. Garman anauza Bales, Bales anauza Kranz, Charlie Duke n'kuuza a m'chombo kuti pitirizani, zonsezi isanathe mphindi. Tsopano taganizani alamu yomweyo ikulira pamwamba pa Mars. Yankho la Garman likanafika chombo chitatera kale, kapena chitaphwanyika kale.

Pali chinanso. Armstrong ananena pambuyo pake kuti maalamuwo anawadyera nthawi imene akanakhala akuyang'ana pawindo. Atadzutsa maso anaona kuti kompyuta ikuwatengera m'mphepete mwa chidzenje chozingidwa ndi miyala ikuluikulu. Kompyutayo inalibe maso. Inkangolondola manambala a malo amene inapatsidwa. Atatsala ndi mamita pafupifupi 150, Armstrong analowa pulogalamu yotchedwa P66. M'menemo iye ankapendeketsa chombo ndi chogwirira kuti chidumphe miyalayo, ndipo akafuna kutsika msanga kapena pang'onopang'ono ankadina kaswitchi, koma yoyatsa timainjini towongolera ndi kuyeza mphamvu ya injini yaikulu inali kompyuta yomwe ija. Oyendetsa onse asanu ndi mmodzi amene anatera pa Mwezi anamaliza motero, ntchito atagawana ndi kompyuta. Makompyuta a lero maso ali nawo: pa 18 Febuluwale 2021 Perseverance, roboti ya NASA yofufuza nthaka, ikutsikira pa Mars m'mphindi pafupifupi 7 pamene uthenga unkatenga mphindi 11 kufika kuno, inajambula nthaka, n'kuyerekeza ndi mapu amene inali nawo, n'kudzisankhira yokha poterera. Koma nkhani ya kalankhulidwe ija sinathe.

Ndiye womveredwa ndani? Ine ndimati zimatengera nthawi imene ilipo, ndiponso amene ali ndi chidziwitso chokwanira pa nthawiyo. Mu 1978 Thomas Sheridan ndi William Verplank a ku MIT, pofufuza za makina ogwira ntchito pansi pa nyanja, anasonyeza kuti pakati pa munthu kuchita zonse ndi kompyuta kuchita zonse pali masitepe khumi. Pena kompyuta imangopereka njira zingapo munthu n'kusankha. Pena imasankha yokha n'kudikira chilolezo. Pena imati ndichita chakuti pakatha masekondi akuti mukapanda kundiletsa, pena imachita kaye n'kunena pambuyo. Chombo chimodzi chimafunika masitepe osiyana pa ntchito zosiyana. Waya akapsa kapena injini ikayamba kuphulika, munthu amatenga pafupifupi kotala ya sekondi kuti angosuntha chala ataona chinthu, kuganiza kusanayambe. Apo kompyuta ichite, inene pambuyo. Koma kusankha kuti tizimitse zipangizo ziti kuti tisunge magetsi, kapena tisiye kutera tibwerere, ndi nkhani ya mphindi kapena maola, ndipo ogamula akhale amene moyo wawo uli pachiswe. Malamulo a NASA okhudza zombo zonyamula anthu amanena kuti oyendetsa akhale ndi njira yolandira ulamuliro kuchokera ku mapulogalamu odziyendetsa, bola kulandako kusakhale komwe kungadzetse ngozi.

Mwana wochenjera afunsa kuti bwanji osangoisiyira kompyuta zonse, poti sitopa ndipo sichita mantha. Chifukwa chake n'chakuti imakhulupirira chilichonse chimene zoyezera zake zaiuza, ngakhale chikhale chosatheka. Pa 19 Okutobala 2016 chombo cha ku Ulaya chopanda anthu, Schiaparelli, chikutsikira pa Mars, chipangizo choyeza kupendekeka chinasokonezeka kwa kanthawi kochepa. Kompyuta itawerengera inapeza kuti chombo chili pansi pa nthaka. Munthu aliyense akanadziwa kuti zimenezo sizingatheke, koma iyo inati ndiye kuti tafika. Inataya parachuti, inayatsa injini masekondi atatu okha n'kuzimitsa, chombo chikadali makilomita pafupifupi 3.7 m'mwamba. Mu Disembala 2019 Starliner ya kampani ya Boeing, pa ulendo woyesera wopanda anthu, inatenga nthawi yolakwika ndi maola 11, n'kuwotcha mafuta pochita zimene sizinali za nthawi imeneyo, mpaka otsala sanakwanenso kukafikira ku siteshoni. Ena amati mankhwala ake ndi kuika makompyuta angapo kuti azitsimikizirana. Zimathandizadi imodzi ikapsa, kapena cheza cha m'mlengalenga chikasintha nambala m'kati mwake, zomwe zimachulukira chombo chikatalikira dziko. Koma cholakwika chikakhala m'pulogalamu, onse amalakwitsa limodzi. Roketi yoyamba ya Ariane 5 inasweka pa 4 Juni 1996 patangotha masekondi pafupifupi 40, chifukwa makompyuta ake awiri olondolera njira anali ndi pulogalamu imodzi ndipo onse anagwa pa nambala imodzi. Space Shuttle ya ku America, imene inkanyamula anthu, inali ndi makompyuta asanu poopa zomwezi: anayi a pulogalamu imodzi, yachisanu ya pulogalamu yolembedwa ndi gulu lina.

Koma musawauze anawo kuti munthu ndiye salakwa. Mu Disembala 1968, Apollo 8 ikubwerera kuchokera ku Mwezi, Jim Lovell analowetsa mwangozi pulogalamu ya P01, imene imauza kompyuta kuti chombo chikadali pansi, sichinanyamuke. Kompyuta inamvera, n'kutaya zimene inkadziwa za mmene chombo chalozera, ndipo Lovell anachita kuyezanso pogwiritsa ntchito nyenyezi za Rigel ndi Sirius. Margaret Hamilton anali atapempha kale kuti aikemo chotchinga choletsa cholakwika chimenechi, koma anamuyankha kuti oyendetsa zombo ndi ophunzitsidwa bwino, sangachite zotere.

Nkhani ya Mir, siteshoni ya m'mlengalenga ya ku Russia, ndi yowawa kuposa apo. A ku Russia ankafuna kuona ngati angasiye kugula Kurs, makina odula olumikizira zombo popanda dzanja la munthu, amene ankapangidwa ku Ukraine. Pa 25 Juni 1997 anauza Vasily Tsibliyev kuti akokere chombo cha katundu cha Progress ku siteshoniyo ndi manja, akuyang'ana chithunzi cha pa TV, rada ya Kurs itazimitsidwa. Analibe nambala ya mtunda kapena ya liwiro. Anzake, Aleksandr Lazutkin ndi Michael Foale, ankasuzumira m'mawindo kufunafuna chombocho, ndipo pamene chinkaoneka chinali chitafika kale, chikuthamanga. Chinaomba chipinda cha Spektr n'kuchiboola, mpweya n'kuyamba kutuluka. Anapulumuka podula ndi kuzula mawaya odutsa pakhomo n'kutseka chipindacho msangamsanga. Mlandu anayamba kuukankhira kwa Tsibliyev, ndipo ine ndimati anamulakwira. Anamupatsa chowongolera n'kumumana manambala amene makina omwewo sakanayenda popanda iwo.

Malo oopsa koposa pa zonsezi ndi mphindi yopatsirana ulamuliro. Lisanne Bainbridge wa ku Britain analemba za ichi mu 1983, ndipo zimene ananena sizinakalambe. Makina akamagwira bwino ntchito za tsiku ndi tsiku, munthu amasiya kuzichita, luso lake limazilala, maganizo amapita kwina. Kenako makinawo amamubwezera ulamuliro pa nthawi yokhayo imene zawakanika, imene ndi nthawi yovuta kuposa zonse. Zili ngati kudzutsa munthu amene wagona m'basi kuyambira ku depoti, n'kumupatsa chiwongolero basi ili pakona, mabuleki atakana. Usiku wa pa 1 Juni 2009 ndege ya Air France yochokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris inali pamwamba pa nyanja ya Atlantic pamene timachubu toyezera liwiro tinatsekeka ndi madzi oundana. Makina odziyendetsa anadzichotsa. Injini zinali bwino, mapiko ali bwino, koma woyendetsa wodzidzimukayo anakwezera mphuno ya ndege m'mwamba mpaka mapiko anasiya kuinyamula. Chimene chimandipweteka mu lipoti la ngoziyi ndi ichi: liwiro litatsika kwambiri, kompyuta inaliyesa nambala yabodza n'kuzimitsa alamu, ndipo woyendetsa akatsitsa mphuno, chomwe chinali choyenera, liwiro linkakwera, alamu n'kuyambanso kulira. Makina ankamukalipira pa nthawi imene ankachita zolondola. Anthu 228 anafa. Ndegeyo inali itauluka maola osakwana anayi. Wopita ku Mars adzakhala m'njira miyezi 6 mpaka 9, ndipo pofika minofu yake ndi ziwalo za m'khutu zimene zimatithandiza kuima mowongoka zidzakhala zitazolowera kusalemera. Ameneyo ndiye munthu amene tikufuna kumupatsa chowongolera pa mphindi yoterera.

Kompyuta yolakwitsa ndi yoopsa, koma yochita zinthu mobisa ndiyo ndimaiopa kwambiri. Ngozi ziwiri za Boeing 737 MAX, ya Lion Air mu Okutobala 2018 ndi ya Ethiopian Airlines itangonyamuka ku Addis Ababa pa 10 Malichi 2019, zinapha anthu 346. Pulogalamu yotchedwa MCAS inkakankhira mphuno ya ndege pansi potengera choyezera chimodzi chokha cholakwika, ndipo ngozi yoyamba isanachitike oyendetsa sanauzidwe n'komwe kuti pulogalamuyo ilipo. M'mlengalenga zofananako zinachitika pa 29 Julayi 2021. Chipinda chatsopano cha ku Russia, Nauka, patatha maola pafupifupi atatu chilumikizidwire ku siteshoni, chinayatsa chokha injini zake, pulogalamu yake ikuyesa kuchoka. Siteshoni yonse inatembenuzika kamodzi ndi theka. Anthu asanu ndi awiri amene anali m'katimo sanamve m'thupi kuti akuzungulira, popeza zinkachitika pang'onopang'ono; a ku Houston ndiwo anaona pa manambala. Lamulo lozimitsa injinizo likanachokera ku Russia kokha, pamene siteshoni inali isanafike pamwamba pa malo otumizira mauthenga a dzikolo. Pa chombo cha ku Mars zotere zisaloledwe. Pulogalamu iliyonse yokhudza injini, mpweya kapena magetsi izinena m'mawu omveka chimene ikuchita, chifukwa chake, chimene ichite pambuyo pake, ndiponso choyezera chimene ikudalira, kuti munthu akaona kuti choyezeracho chikunama athe kuiletsa ali m'chombo momwemo.

Tsopano funso loyamba lija. Ntchito yaikulu ya anthu okweramo idzakhala kukonza zinthu ndi kumvetsa mavuto amene palibe anawalembera malangizo. Kompyuta ikhoza kudziwa kuti pampu yafa, koma woichotsa n'kuikapo ina ndi munthu. Pampu ya amoniya yoziziritsa theka la siteshoni itafa pa 31 Julayi 2010, zinatengera Doug Wheelock ndi Tracy Caldwell Dyson kutuluka panja katatu. Pa ulendo wa zaka ziwiri kapena zitatu, wopanda chombo chobweretsa zipangizo zosinthira, ntchito yotere siidzatha. Za kumvetsa vuto lachilendo, taonani Gemini 8 pa 16 Malichi 1966. Armstrong yemweyo ndi David Scott anali kumene wailesi ya pansi sinkafika pamene chombo chinayamba kuzungulira. Anaganiza kuti vuto lili pa Agena, chombo chimene anali atalumikizana nacho, n'kuchimasula. Kuzungulira kunangowonjezeka, kufika pafupifupi kamodzi pa sekondi, maso akuyamba kusaona bwino. Kuphonya koyambako n'kumene kunawauza kuti vuto lili pa chombo chawo chomwe. Armstrong anazimitsa timainjini tonse towongolera, n'kuyatsa tina tosungidwira ulendo wobwerera pansi, chombo n'kukhazikika. Posachedwapa, mu Juni 2024, timainjini tisanu mwa 28 ta Starliner tinasiya kugwira ntchito chombo chikuyandikira siteshoni. Butch Wilmore anagwira chowongolera kuti chisasochere, a pansi akuyesa kudzutsa timainjinito, ndipo tinayi tinadzuka. Zikanakhala ku Mars, ntchito ya a pansiyo ikanagwera mnzake Suni Williams ndi kompyuta ya m'chombo.

Okonza zombo za lero akuyesa kuyenda pakati. Orion, imene pa ulendo wa Artemis I mu 2022 inafika makilomita pafupifupi 432,000 kuchokera kuno yopanda munthu, ili ndi masikirini atatu ndi maswitchi osafika 100, pamene Space Shuttle inali ndi oposa 1,000. Malangizo amene kale ankadzaza mabuku tsopano amatuluka pa sikirini sitepe ndi sitepe. Koma zogwirira zamanja anazisiya momwemo, ndipo pokonza ulendo wa Artemis II NASA inaikamo dala gawo loti oyendetsa ayendetse Orion ndi manja pafupi ndi chigawo cha roketi chotha ntchito, kuti adziwe mmene chombocho chimamvera dzanja. Ine ndingapitirire pamenepo. Pa ulendo wautali kompyuta izisiyira dala anthu ntchito zina zimene ikanatha kuchita yokha, ndipo mayeso a ngozi azichitika m'njira monse, osati asananyamuke pokha. Pa kafukufuku wa Mars-500 ku Moscow, amuna asanu ndi mmodzi anatsekeredwa masiku 520 kuyambira Juni 2010 mpaka Novembala 2011. Miyezi ikamapita ankayendayenda mocheperachepera, kagonedwe ka ena kanasokonekera, ndipo mmodzi amene ankasowa tulo ndiye anachita zolakwa zambiri pa mayeso oona ngati munthu ali tcheru. Masikirini ndi maalamu apangidwire munthu wotopa ameneyo, amene wadzutsidwa pakati pa tulo m'mwezi wachisanu ndi chiwiri.

Mwina anawo afunsanso za mapulogalamu a AI amene masiku ano amacheza ndi anthu. Malo ake alipo. Pa Artemis I anayesamo kale Alexa ya Amazon, pofuna kuona ngati munthu angamafunse chombo ndi mawu, ndipo pulogalamu yotha kufufuza m'mabuku onse a chombo n'kutulutsa tsamba loyenera ingapulumutse mphindi zofunika. Koma sindingaipatse switchi ya mpweya kapena ya injini. Pulogalamu yoyendetsa chombo imayesedwa mpaka oipanga atadziwa chimene ichite pa chilichonse chimene angachiganizire, pamene yochezayi imatha kunena zabodza ndi mawu odzidalira omwewo amene imanenera zoona, ndipo munthu wotopa sachedwa kukhulupirira mawu odzidalira.

Ngakhale mapulogalamu oyesedwa mosamala amadabwitsa. Mu Meyi 1999 NASA inapatsa pulogalamu ya Remote Agent ulamuliro wa chombo chopanda anthu cha Deep Space 1, chili makilomita mamiliyoni ambiri kuchokera kuno. Inakonza yokha dongosolo la ntchito, ndipo inazindikira mavuto amene mainjiniya anaitchera dala. Koma pakati pa mayesowo chigawo china cha pulogalamuyo chinaima n'kumadikira chizindikiro chimene chinali chitadutsa kale, injini n'kusazima pa nthawi yake. Cholakwika chimenechi sichinaonekepo pa mayeso a pansi. Mainjiniya anaimitsa mayesowo, n'kupeza gwero lake m'maola ochepa powerenga mauthenga amene chombo chinkatumiza. Pa chombo chopita ku Mars, wowerenga mauthenga amenewo ndi wogwira switchi yoimitsira adzakhala mmodzi mwa okweramo, ndipo ntchito imeneyo ayenera kuiphunzira asananyamuke.